Sibongile ndi Mlendo Wosachoka

Mpaka chaka chimenecho, Sibongile ndiye anali mwini nyumba. Miyendo ya amayi ake inali yake, chiwindi cha nkhuku iliyonse yophedwa pakhomopo chinali chake, ndipo pakaliyala wa njinga ya abambo ake, pamene anamangapo kachiguduli kuti pasamapweteke, panalibe wina wokhalapo. Anali ndi zaka zisanu, dzino limodzi lakutsogolo likugwedera, ndipo m'mudzi mwawo, kumtunda kwa Nzama, aliyense ankadziwa kuti mwana wa a Gracian ndi a Christobel sasowa choyankha.

Ndiye Lachiwiri lina m'mwezi wa Juni, chisanu chikuluma zala, amayi ake anabwerako kuchipatala kumene anakhala masabata awiri. Anatsika pang'onopang'ono m'ngolo atakumbatira mtolo wa zitenje. Amayi ake aang'ono, a Lufina, ndiwo anali patsogolo kuimba nthungululu.

"Sibo! Thamanga udzaone mlendo!"

Sibongile anathamangadi. Alendo ankawakonda, chifukwa ankabwera ndi buledi. Anasuzumira m'ngolo, anayang'ana kunjira, koma munthu wa chikwama sanamuone.

"Ali kuti mlendoyo?"

A Lufina anavundukula pang'ono mtolo uja. M'katimo munali kankhope kofiira, kamakwinya ngati mbatata yootcha, maso ali chitsinzinire, kumutu kachipewa koluka.

"Sanandipatse moni," anatero Sibongile atamuyang'ana nthawi yaitali.

"Adzakupatsa akakula. Ameneyu ndi mlongo wako. Basi, ukhanda watha, mayi. Wakuponda pamutu ameneyu."

Akuluakulu onse anaseka. Kwa iwo mawuwo ankangotanthauza mwana wobadwa motsatana ndi mnzake. Sibongile sanaseke. Anagwira pamutu pake ndi manja onse awiri, n'kuyang'anitsitsa kumene kunali miyendo ya mlendoyo.

Dzuwa lisanapendeke anali atafika kale kwa agogo ake aamuna, a Silvester, amene nyumba yawo inali kuseri kwa khola la mbuzi. A Silvester anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi m'migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi jasi, chifuwa chosatha, ndi chisoti chachikasu cholimba ngati mphika wachitsulo, chimene chinkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko.

"Mkazi wanga wabwera," anatero agogo, monga ankachitira nthabwala ndi mdzukuluyo masiku onse. "Wanditengera chiyani?"

"Agogo, chisoti chija munkavala chifukwa chiyani?"

"Kuti mwala ukagwa usandiswe mutu."

"Nanga munthu atakupondani?"

"Ngakhale ng'ombe, sungamve kanthu."

"Ndibwerekeni."

Agogo atamva chifukwa chake, anatembenukira kukhoma n'kutsokomola nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Kenako anapukuta misozi, natsitsa chisoticho, nachipereka ndi manja awiri. Chinali chachikulu moti chinamufika Sibongile m'mphuno. Anaikamo duku wakale mpaka chinakhazikika, ndipo kuyambira tsiku limenelo mwanayo ankadya nacho, kusewera nacho phada, ngakhale kukatunga nacho madzi kumjigo, kachigubu katanyamulidwa m'manja popeza pamutu panalibe malo. Lamulungu lokha ndi pamene abambo ake ankalimba mtima, chisoti n'kutsala chitakolekedwa pahandulo ya njinga kunja kwa tchalitchi.

Koma mlendoyo sanamuponde. Kunena zoona, sankachita chilichonse kupatula kuyamwa, kulira, kugona ndi kuipitsa matewera. Chodabwitsa n'chakuti anthu ankamuyamikira pa zimenezo. Akageya, amayi ankati, "Eya, wachita bwino!" Sibongile atayesa kugeya pa chakudya, analandira diso. Amayi a m'mudzi ankabwera ndi sopo, ufa, mitolo ya nkhuni, ndipo onse ankamudutsa pakhomo ngati chitsa. Amene kale ankati, "Sibo wakula bwanji!" tsopano ankati, "Sibo, tenga mpando," "Sibo, patsa thewera," "Sibo, usafuule, mwana wagona."

Mchombo utagwa, mayi ndi mwana anatuluka m'chikuta, ndipo agogo ndiwo anapatsidwa mwayi wotchula dzina. Anamunyamula, namuzunguza uku ndi uku.

"Taonani chipumi ichi. Taonani makutu. Uyu ndi ine ndithu. Dzina lake ndi Fanizo."

"Zoona," anatero Sibongile. "Nonse mulibe mano."

Patapita masabata atatu anaona kuti nkhaniyi yatalika. Anapeza abambo ake akusankha mbewu ya mbatata ya kachewere pakhonde, nakhala pambali pawo.

"Ababa, mlendo uja apita liti kwawo?"

"Kwawo n'konkuno."

"A Thomas anabwera kuchokera ku Balaka, anagona masiku atatu n'kupita."

"Uyu si wopita ayi."

"Nanga anamuitana ndani?"

A Gracian anayang'ana mbatata imene inali m'manja mwawo ngati yankho lalembedwa pamenepo. "Kafunse amako."

Amayi atafunsidwa anati, "Kafunse abambo ako." Sibongile anazindikira kuti palibe amene akufuna kuvomera mlanduwo.

Chimene chinamupweteka kwenikweni chinali chiwindi. Tsiku lina agogo anapereka tambala, a Lufina anaphika, ndipo popakula anatenga chiwindi chonse n'kuika m'mbale ya amayi. "Idyani, achemwali, mkaka utuluke." Sibongile analandira phiko. Analidya ndithu, mpaka kutafuna fupa, koma mumtima anati chiwindi chija chadutsa mwa amayi n'kukathera mwa Fanizo, munthu wopanda ndi dzino lomwe.

M'mwezi wa Julaye mavenda ogula nyemba anafika pamkuyu wa m'mbali mwa msewu. A Gracian anamanga matumba awiri panjinga, ndipo pofuna kumusangalatsa mwana wawo amene masiku amenewo ankangokhala atatupitsa masaya, anamutenga. Sibongile anaonetsetsa zonse. Mavendawo anakoleka panthambi sikelo yawo, chinthu chozungulira ngati wotchi yapakhoma chokhala ndi mbedza kumunsi. Thumba likakolekedwa, kamuvi kankazungulira, mwamuna wina n'kufuula makilo, mnzake n'kulemba m'buku. Kenako thumbalo linkaponyedwa m'lole.

"Ababa, nyemba zathu zibweranso liti?"

"Zikakwera sikelo ndiye kuti zapita. Sizibweranso."

Pobwerera anamugulira mandasi awiri. Sibongile anadya ali pakaliyala, akuganiza.

M'mawa mwake amayi anagoneka Fanizo pamphasa, pakadzuwa, n'kuuza Sibongile kuti azithamangitsa nkhuku ndi ntchentche pamene iwo akuchapa kuseri. Sibongile anagwada, nakankhira chisoti m'mwamba kuti aone bwino.

"Iwe, tamvera. Kuno si kwanu. Miyendo ya amayi ndi yanga. Chiwindi ndi changa. Mavenda akabweranso, ndikawauza akukweze pasikelo, upite ndi lole. Ine andigulira mandasi."

Polankhula ankamuloza ndi chala, ndipo Fanizo anachigwira chalacho n'kufinya. Anali ndi mphamvu zosayenera munthu wongogona.

"Ukuti chiyani kumeneko?" Amayi anali ataima pakona ya nyumba, thovu la sopo lili m'manja.

"Palibe."

"Ndamva ine. Chabwino, poti watopa naye, Lachinayi likubwerali tipita naye kusikelo."

A Christobel ananena zimenezi akumwetulira, n'kubwerera kukachapa. Iwo ankanena za sikelo ya ana, chifukwa Fanizo anali atatsala pang'ono kukwanitsa masabata asanu ndi limodzi ndipo ankayenera kulandira katemera. Sanaganize n'komwe kuti Sibongile sikelo imeneyo sakuikumbukira. Anasiya kupita naye atangoyamba kuyenda, ndipo sikelo yokha imene mwanayo ankaidziwa inali ya nyemba.

Tsiku loyamba Sibongile anasangalala. Anauza mbuzi, anauza chidole chake cha chitsononkho. Anafika pomukomera mtima Fanizo, monga mmene munthu amachitira ndi mlendo amene wamanga kale katundu.

Koma Lachiwiri kunachitika chinthu. Anali pamphasa pomwe paja, akumuthamangitsira ntchentche. Ataweramira pafupi, dzuwa linawala pachisoti, ndipo Fanizo anachiyang'ana, nayang'ana nkhope imene inali pansi pake. Kenako kakamwa kake kanatseguka, nkhama zonse poyera, masaya n'kukwera m'mwamba. Anaseka. Sikunali kukwinya nkhope kwa mwana wofuna kugeya ayi, kunali kuseka kwenikweni, ndipo anali asanasekerepo munthu aliyense, ngakhale amayi.

Sibongile anayang'ana uku ndi uku. Panalibe woona. Anagwedeza mutu, chisoti n'kuwala, Fanizo n'kusekanso, miyendo ikupalasa m'mwamba. Sibongile anagwira phazi limodzi. Linali laling'ono kuposa mbatata ya mbewu, lofewa ngati mkate wa nthochi. Analiika pachipumi pake kuti amve. Silinkapweteka n'komwe.

Sanauze munthu. Koma kuyambira pamenepo sankafunanso kuti Lachinayi lifike.

Kupepesa sankadziwa, choncho anayesa njira zina. Lachitatu m'mawa anati, "Amayi, mawa kugwa mvula."

"Mu Julaye?"

"Yambiri."

Masana anati, "Fanizo akuoneka wowonda. Mwina tidikire anenepe."

"N'chifukwa chake tikupita kusikelo, tikaone kulemera kwake."

Madzulo anatenga masilipasi a amayi n'kukawabisa m'nkhokwe. Lachinayi m'mawa amayi anawafunafuna, ndipo atalephera anangovala nsapato za kutchalitchi. Anabereka Fanizo, naika kabuku kake ka kuchipatala m'kachikwama.

"Iwe utsala ndi agogo?"

"Ndipita nawo."

"Ndiye vula chimphika chakocho."

"Ayi."

Amayi analibe nthawi yolimbana naye. Ankafuna kukakhala oyamba pamzere kuti abwerere msanga kudimba.

Njira yonse Sibongile anayenda kumbuyo, maso ali pa kamutu ka Fanizo kamene kankagwedezeka pamsana. Ankayembekeza kuti mwina akhotera kwina. Koma anafika pamkuyu womwe uja, ndipo panthambi yomwe ija panali patalendewera sikelo, mbedza yake ili pansi. Patali pang'ono panaima lole, dalaivala akuthira madzi mu injini. 

Amayi ena anayamba kufika, aliyense ndi mwana kumsana. Anafika khumi, anafika makumi awiri, mpaka pansi pa mtengo panadzaza. Sibongile sankadziwa kuti midzi yonseyi yatopa ndi alendo chonchi. Chomvetsa chisoni n'chakuti onse ankaseka ndi kucheza, ena akudya nzimbe. Kenako mayi wina wovala yunifolomu yabuluu, mlangizi wa zaumoyo dzina lake a Salome, anawauza kuti ayambe ndi nyimbo, ndipo anaimba akuomba m'manja. Nyimboyo inali ya phala ndi katemera, koma Sibongile mawu sanawamve. Anangoti ndi yotsanzikana.

"Woyamba!" anaitana a Salome, buku lalikulu lili pamiyendo.

A Christobel anaimirira. Anamuvula Fanizo kachipewa ndi sokosi, namugoneka m'chitenje, namanga mfundo. A Salome anakoleka chitenjecho pambedza. Kamuvi kanazungulira.

"Makilo anayi ndi theka!" anafuula a Salome, natenga cholembera. "Eee, koma mwanenepetsa, mayi."

"Wokongola bwanji!" anatero mayi wina pamzere. "Ameneyo ndiye nditenga ine."

Zimene zinatsatira, a Salome anazifotokoza kwa anthu ambiri pambuyo pake. Akuti anangoona chinthu chachikasu chikubwera cha m'munsi, ngati dzungu logubuduzika, ndipo asanazindikire chinawagunda m'mawondo. Buku linagwa uko, cholembera uko. Sibongile anadumpha n'kukumbatira chitenje chija ndi manja onse awiri, kamuvi ka sikelo n'kuthamanga mpaka kumapeto.

"Sagulitsidwa! Sagulitsidwa ameneyu! Ndi wathu!"

Amayi onse pamzere anatembenuka.

"Ndinkangocheza ine! Amayi, ndinkangocheza! Mandasi sindikuwafuna!" Misozi ndi mamina zinali zitasakanikirana. Anatembenukira kwa a Salome. "Tengani nyemba, kwathu zatsala. Tengani chisoti cha agogo, n'cha ku Joni. Koma uyu ayi. Amandisekera ine ndekha."

Mayi wina wa nzimbe ndiye anayamba kuseka. Anayesa kudziletsa, nzimbe n'kumutsamwitsa, ndipo phwete lake linayatsa mzere wonse. Amayi onse aja anaseka mpaka ena kugona chammbali, ana akumsana n'kudzidzimuka, kuyamba kulira onse pamodzi. Ngakhale dalaivala wa lole anasiya chigubu chake kudzafunsa chimene chachitika.

A Christobel anagwira pakamwa. Anakumbukira mawu awo a tsiku lochapa lija, anakumbukira mvula ya mu Julaye ndi masilipasi osowa. Kuseka kunawabwerera, koma kunatha ataona mmene mwanayo anakakamirira chitenje chija. Anagwada m'fumbi, nsapato za kutchalitchi zili choncho, namukokera pachifuwa.

"Iwe mwana iwe. Masiku onsewa unasenza zimenezi wekha? Ndingagulitse mwana ine? Ngakhale iwe wovutawe sindingakugulitse."

"Munati tipita naye kusikelo."

"Ndinalakwa kuseka nawe choncho. Pepa, mayi."

A Salome anatola buku lawo, nasisita bondo, nakhala chonjuta kuti alingane naye. "Dzina lako ndani, msilikali?"

"Sibongile."

"Tamvera, Sibongile. Sikelo ya nyemba ndi ina, iyi ndi ina. Ine ndimangoona ngati mwana akukula, kenako ndimabweza kwa mwini wake. Ana onsewa ndingakawasunge kuti? Kwathu ndili nawo anayi, akundikwana."

Sibongile anayang'ana lole.

"Iyo ndi ya mbatata, yangotentha injini. Kuti ukhulupirire, bwera ndikukweze iwenso. Koma chisoti uvule, chingatinamize makilo."

Anaganiza kaye. Kenako anavula chisoticho n'kupatsa amayi, duku uja n'kugwera pansi. Mutu wake unali utatuwa, tsitsi litagona mbali imodzi. A Salome anamuveka kabudula wansalu wa zingwe zazitali, namukoleka pambedza. Miyendo inalendewera m'mwamba, ndipo anazungulira pang'onopang'ono, akuona mzere wonse ukumuyang'ana. Kwa masabata asanu ndi limodzi anthu anali asanamuyang'anepo chonchi.

"Makilo khumi ndi asanu ndi awiri!"

"Ndamuposa Fanizo?"

"Kutalitali."

"Nenaninso mokweza."

A Salome ananenanso mokweza, amayi onse pamzere n'kuomba m'manja. Atamutsitsa, mlangiziyo anatembenukira kwa a Christobel, nkhope itasintha pang'ono. "Koma mayi, mwanayu mpaka kuiwala sikelo, munasiya liti kubwera naye? Mankhwala a njoka za m'mimba analandira liti?"

A Christobel anayang'ana pansi, nayamba kufotokoza za dimba ndi kutalika kwa njira. Mapeto ake Sibongile anapatsidwa piritsi loti atafune pomwepo. Linali ngati choko. Analimeza akukwinya nkhope, akuganiza kuti kupulumutsa munthu kulibe malipiro abwino.

Ndiye inafika nthawi ya katemera. Fanizo anadonthezeredwa mankhwala m'kamwa, kenako jakisoni pantchafu. Anaphethira kawiri ngati sakukhulupirira, n'kutulutsa mfuu imene inathamangitsa mbalame mumkuyu. Sibongile anaimirira pamaso pa a Salome, manja m'chiuno.

"Mwamubaya dala."

"Eya, dala. Kuti asadwale."

"Mwezi wamawa ndibweranso ndidzaone."

"Ubwere ndithu, koma uzidzayenda pang'onopang'ono. Mawondo anga ndi awiri okha."

Pobwerera, atafika pamjigo, Sibongile anaima pakati pa njira. "Amayi, ndimubereke."

"Ndi wamng'ono, khosi silinalimbe."

"Pang'ono pokha. Mpaka pa agogo."

Panali mtunda wongoponya mwala. Amayi anamuweramitsa, namuika Fanizo pamsana, namanga chitenje kawiri kuzungulira kathupi kake. Dzanja lawo limodzi linachirikiza mutu wa khandalo, lina linagwira kumunsi, moti kunena zoona wonyamula anali iwo, akuyenda chowerama kumbuyo. Koma Sibongile anayenda ngati mayi wochokera kumsika, akugwedeza mapewa, akunena kuti, "Shii, shii, tafika."

Nkhani inali itawatsogolera kale. Agogo anali pakhonde, ndipo a Gracian anali atabwera kuchokera kudimba, khasu lili paphewa, mano onse pamtunda.

"Ndamva kuti kumkuyu kunali nkhondo," anatero agogo. "Mkazi wanga, wavulaza angati?"

Sibongile anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anaima chilili. Maso anatuzuka. Kumsana kwake kunayamba kufunda, kufundako n'kutsetsereka mpaka m'chiuno.

"Amayi! Wandikodzera!"

"Ndiye kuti wakukonda," anatero amayi akumasula mfundo.

"Ndi mwayi umenewo," anawonjezera agogo. "Udzabereka ana ambiri."

"Sindikufuna ambiri." Anagwira diresi yake ndi zala ziwiri kuti isamukhudze, nayang'ana Fanizo amene anali atagona tulo m'manja mwa amayi ngati sanachite kanthu. "Mumuuze azindikonda pang'ono."

Anapita kubafa akuyenda chotangadza miyendo, ndipo ali m'katimo anafuula kuti madzi akhale ofunda, komanso kuti munthu wina asamudzutse mwanayo iye asanatuluke.